Sa Pa, Kumene Mpunga Ukwera Phiri

Imwe amene mudziwa mpunga wa ku Mongu, wa ku Nakonde na wa ku Chama, mudziwa kuti mpunga ukonda dambo, malo a fulati pamene madzi akhala phee. Manje kumpoto kwa Vietnam, pafupi na malire a China, kuli anthu amene analibe dambo, anali chabe na mapiri. Anatenga makasu, nasema phiri lonse kukhala masitepe, sitepe iliyonse nikamunda kosunga madzi. Malo amenewa ni Sa Pa, m'chigawo cha Lào Cai. Ngati munaonapo pa Facebook olo pa TikTok chithunzi cha phiri looneka monga makwerero obiriwira, mwina kunali kumeneko.

Chithunzi sichivuta, aliyense ali na foni angajambule. Koma Sa Pa yeniyeni muiona na mapazi, muli kumbuyo kwa mayi wa m'mudzi amene alima minda imeneyo, madzulo n'kukagona kunyumba kwake. Ndipo munthu amene musankha kuti akutsogolereni ndiye aonetsa kumene ndalama yanu izathera.

Kafikidwe

Kulibe ndeke yochoka ku Lusaka kupita ku Hanoi mwachindunji, muzasinthira ku Doha olo ku Dubai. Viza siivuta monga kale: kuyambira mu August 2023, Vietnam ilola anthu a maiko onse kupempha pa intaneti, ndipo yolowera kamodzi ni madola 25. Mukasintha ndalama muzaseka mweka. Dola imodzi ipitirira madong 20,000, ndiye madola 50 chabe mwakhala miliyoneya, monga mwamene tinalili na Kwacha yathu tisanachotse maziro atatu mu 2013.

Kuchoka ku Hanoi ni makilomita opitirira 300. Mungakwere sitima ya usiku, maola pafupifupi 8 kufika ku tauni ya Lào Cai, n'kutenga minibasi yokwera phiri kwa ola limodzi. Olo mungatenge basi ya mabedi, imene muvula nsapato pakhomo n'kuziika mu pulasitiki. Kuyambira pamene anatsegula mseu waukulu mu 2014, basi itenga maola 5 olo 6.

Tauni ya Sa Pa ili pa mamita pafupifupi 1,500, pamwambako pang'ono kupambana Lusaka. Azungu a ku France anamangako nyumba zopumulira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, kuthawa kutentha kwa ku Hanoi, ndipo tchalitchi chawo cha miyala chikali pakati pa tauni. Lelo kuli mahotelo pamwamba pa mahotelo, karaoke, mabasi na fumbi la simenti. Osataya nthawi mu tauni. Chimene mwabwerera chili pansi, mu chigwa cha Muong Hoa.

Pa njira

Ulendo umene ambiri ayambira uchoka mu tauni, kutsikira ku Y Linh Ho, kupita ku Lao Chai, kukathera ku Ta Van. Ni makilomita pafupifupi 12. Imwe amene muyenda tsiku na tsiku kuchoka ku Kanyama kufika mu tauni muzati ni zocheza chabe. Dikirani. Njira ni kam'mbali ka munda, kokwana phazi limodzi, uku madzi uku phompho. Mvula ikagwa matika ake aterera monga sopo, ndipo nsapato zanu zoyera za pa Sondo sizizabwerera mwamene zinapitira.

Okutsogolerani nthawi zambiri ni mzimayi wa mtundu wa Hmong. Muzamuona na dengu kumsana, magambutsi kumapazi, nthawi zina na mwana wobereka. Yang'anani manja ake: ni a buluu. Si matenda, ni utoto wochokera ku masamba a indigo umene anyikamo nsalu zawo mpaka zide. Ambiri mwa azimayi amenewa sanapite patali na sukulu, Chizungu anachiphunzira pa mseu, pokamba na alendo. Ngati munaonapo mnyamata wa pa Intercity amene akamba zinenero zinayi popanda satifiketi, muzawamvetsa.

Pa njira azimayi ena azakutsatirani. Azakugwirani dzanja poterera, azakufunsani dzina, zaka, na ngati muli pa banja. Mukafika kumudzi azatsegula madengu: tumatumba, zibangili, nsalu zopeta. Ena akwiya ati anawachenjerera. Koma ganizani bwino. Munthu wayenda maola atatu, wakupulumutsani kugwa kawiri, ndipo abwerera wapansi. Ngati simufuna kugula, kambani poyambirira, mwaulemu. Ngati mwalola dzanja lake, gulaniko kanthu.

Mwamene madzi ayendera

Mukaima kupuma, funsani za madzi, chifukwa nzeru yonse ili pamenepo. Kulibe pampu. Madzi achoka ku akasupe a m'nkhalango pamwamba pa phiri, awakhotetsa na tingalande na mipope ya nsungwi kufika pa sitepe yoyamba. Ikadzala, atsikira pa kampata kulowa yachiwiri, yachitatu, mpaka pansi pa chigwa. Sitepe iliyonse ifunika kukhala yolingana bwino-bwino, apo ayi madzi athawira mbali imodzi. Khoma lake ni dothi, ndipo chaka na chaka alimatanso na manja. Wa pamwamba akalekerera khoma lake, wa pansi alira naye.

A Hmong anabwera kuchokera kumwera kwa China zaka mazana awiri olo atatu zapitazo, ndipo masitepe ambiri ni ntchito ya mibadwo. Thirakitala siingakwere kuno. Alima na njati zoweta olo timakina toyendetsa na manja, mbande awoka imodzi-imodzi ataweramira mu madzi, pokolola amenya mitolo mu bokosi la matabwa. Chifukwa cha kuzizira akolola kamodzi chabe pa chaka, ndipo mpunga wambiri ni wa pa nyumba, osati wogulitsa. Ndiye ndalama ya sukulu, ya mankhwala na ya mafuta a njinga yamoto ifunika kuchokera kwina. Kwinako ni imwe.

Usiku kumudzi

Chimene achitcha homestay ni kugona kunyumba kwa banja. Nyumba ni ya matabwa, matiresi ali pa chipinda cha m'mwamba, neti ya udzudzu na bulangeti lolema monga thumba la simenti. Chakudya mudyera pamodzi: mpunga, nyama ya nkhumba, tofu wa mu tomato, masamba okazinga. Nsima kulibe, mudala, konzekerani mtima. Mudya na timitengo tiwiri, ndipo osatiimika mu mbale ya mpunga, chifukwa kwawo zimenezo zikumbutsa maliro.

Pambuyo pake abwera na kachasu wa mpunga amene alendo anamupatsa dzina lakuti happy water. Tumakapu ni tung'ono koma tubwera maningi, ndipo mawa kuli phiri. Kukana na ulemu kuloledwa.

Pali na miyambo. Mukaona nthambi ya masamba aawisi yopachikidwa pakhomo, osalowa, banja lili pa mwambo. Malo a makolo amene ali pa khoma loyang'anana na chitseko osawagwira. Musanajambule munthu, pemphani. Ku Ta Van muzapezanso a mtundu wa Giay, ndipo ku Ta Phin kuli a Dao ovala nsalu zofiira kumutu, odziwika na bafa ya mankhwala a masamba mu mbiya ya matabwa. Miyendo ikatopa, imeneyo muzaikumbuka.

Ndalama ipita kuti?

Pamwamba pa Sa Pa pali Fansipan, phiri lalitali kupambana onse mu Vietnam, mamita opitirira 3,100. Mafinga athu sapitirira 2,400. Kale kufika pansonga kunali masiku awiri olo atatu, na wotsogolera na onyamula katundu a m'midzi. Mu 2016 kampani ya Sun Group inatsegula cable car, kabokosi kolendewera pa waya, ndipo manje ni mphindi 20 chabe. Agogo na ana afikako, n'zabwino. Koma tikiti imeneyo siipita kwa mayi amene alima masitepe amene muwaona pansi panu.

Ni chimodzimodzi na maulendo ogulira ku maofesi a ku Hanoi. Pakati pa imwe na wotsogolera pali manja ambiri, ndipo amene ayenda mu matika alandira kotsala. Nyumba zina zolembedwa homestay ni malodji chabe a anthu ochokera kwina, banja la m'mudzi lingophika na kuchapa.

Azimayi ena anaona zimenezi n'kuyamba zawo. Pali Sapa Sisters, gulu la azimayi a Chihmong otsogolera alendo. Palinso Sapa O'Chau, imene anayambitsa Shu Tan, mzimayi amene ali mwana anali kugulitsa tinthu kwa alendo pa mseu, ndipo phindu lake linathandiza ana a m'midzi kuphunzira. O'Chau mu Chihmong ndiye kuti zikomo.

Nkhaniyi si ya chifundo. Imwe mudziwa chifukwa chake munachoka kumudzi, olo chifukwa chake makolo anu anachoka. Wachinyamata wa ku Lao Chai naye ali na foni, aona malipiro a ku hotelo na ku mafakitale. Akaona kuti munda supatsa kanthu azapita, khoma lizagumuka, ndipo sitepe yosiyidwa siichedwa kubwerera kukhala thengo. Ndalama ikafika pa nyumba, pakhala chifukwa chotsalira.

Ndiye musanalipire, funsani zinthu zitatu. Wotsogolera achokera mudzi uti? Nyumba imene ndizagonamo ni ya ndani? Pa ndalama iyi, iye alandira zingati? Ndipo mu tauni mukaona tiana tovala za mwambo tikugulitsa usiku mu mphepo, osagula. Olo akuluakulu a boma kumeneko apempha zimenezo, chifukwa mwana amene abweretsa ndalama samutumiza ku sukulu.

Nthawi yopita

Mu May minda ili na madzi, iwala monga magalasi, ndipo anthu ali pa kuwoka. Kuyambira June mpaka August konse ni kobiriwira, koma mvula ni yamphamvu ndipo mapiri agumuka. Mu September 2024 chimphepo cha Yagi chinagwetsa mapiri na kupha anthu ambiri m'chigawo cha Lào Cai, ndiye wotsogolera akakamba kuti lelo sitiyenda, mverani. September ndiye mwezi umene mpunga upsa, phiri lonse likhala lachikasu. December na January kuzizira kupambana June wathu, nkhungu itseka zonse, ndipo zaka zina kugwa na snow.

Ulendo uyu si wa malipiro a mwezi umodzi, zoona. Ni wa chilimba, wa kusunga chaka olo ziwiri. Tsiku likakwana, nyamulani nsapato zogwira pansi, jekete ya mvula, na ndalama zing'ono-zing'ono za m'manja, chifukwa kumidzi khadi siigwira ntchito paliponse. Ndipo phunzirani liu limodzi lija la zikomo, muzalifuna pa malo aliwonse oterera.