Mabulangete Atatu

Mu Meyi 2008, pamene ziwawa zodana ndi alendo zidabuka ku Alexandra n'kupha anthu 62 m'dziko la South Africa, mayi wina wa ku Mangochi adathawira kupolisi mu Johannesburg. Chisanu chidali chitayamba. Mabungwe achifundo adafika ndi katundu, ndipo sabata isadathe mayiyo adali ndi mabulangete atatu. Chimene chinkamusowetsa tulo ndi makina ake osokera, amene adapsera m'kanyumba kake. Palibe adamufunsa.

Amene adamufunsa ndi anzake a m'kabungwe ka maliro, kaja kosonkha ndalama zotumizira mitembo kumudzi. Adatsegula kope lawo, nawerengera poyera ndalama zimene zidalipo, namugulira makina akale. Pofika Ogasiti adali atayambanso kusonkha nawo.

Mabulangetewo adamupulumutsa ku chisanu, ndipo sawaiwala. Koma mabungwe aja adalemba m'malipoti kuchuluka kwa zimene adagawa, pamene kabungweko kadayesa ntchito yake poona ngati mayiyo waimanso payekha. Mutu umodzi susenza denga, komabe othandiza kusenza ayambe afunsa mwini nyumba kumene dengalo likupita.