Digiri yanga inasowa ntchito ku Shinjuku

Mumzinda wa Tokyo ndi madera ouzungulira mumakhala anthu pafupifupi 37 miliyoni. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti kuno kwathu tinalipo 17.5 miliyoni. Ndiye tangoganizani: Amalawi tonse, kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje, mutichulukitse kawiri, mutiunjike malo amodzi, kenako mutiuze kuti aliyense afike kuntchito nthawi yake. Mumzinda umenewo ndi momwe ndinakhalamo masiku asanu ndi limodzi ngati mlendo wongoona malo, ndili ndi ndalama zowerengeka, foni m'manja, ndi digiri yomwe kumeneko inalephera kundiwerengera ngakhale dzina la chakudya.

Chijapani chimalembedwa ndi mitundu itatu ya zilembo yosakanikirana: kanji, hiragana ndi katakana. M'masiteshoni muli zikwangwani za Chingerezi, inde, koma ukangokhotera m'kanjira ka kuseri, basi zathera pompo. Maso akuona bwinobwino koma m'mutu muli zii. Kuchokera pomwe ndinamaliza Sitandade 1 ndinali ndisanamvepo chonchi, kuyang'ana zolembedwa n'kumaona ngati nyerere zayalana pakhoma.

Ndiyeno pali Shinjuku, siteshoni yomwe imadutsa anthu opitirira 3 miliyoni patsiku, yokhala ndi makomo otulukira oposa 200. Kutulukira khomo lolakwika n'chimodzimodzi kutsikira dera lina. Chomwe chinandiopsa kwambiri si kuchuluka kwa anthu ayi, koma bata lawo. Kudepoti ya ku Lilongwe phokoso ndiye mapu: oitanira akukuwa mayina a malo, wina wakulanda kale chikwama, kondakitala akulumbira kuti patsala munthu mmodzi. Kumatopetsa, koma sungasowe kolowera. Ku Shinjuku palibe amene akukuitana. Anthu akungoyenda mwandawala, aliyense akudziwa kwake, iwe waima pakati ngati chitsa m'madzi osefukira.

Chinandipulumutsa ndi mitundu ndi manambala. Sitima ya Yamanote ndi yobiriwira, imazungulira pakati pa mzinda n'kubwerera pomwe inayambira, masiteshoni 30, ulendo wa pafupifupi ola limodzi. Ukapitirira potsikira, ukhoza kungokhala phee, padzabweranso. Njanji ya pansi pa nthaka ya Ginza, yomwe inayamba mu 1927 pakati pa Ueno ndi Asakusa, ili ndi mtundu wa lalanje, ndipo siteshoni iliyonse ili ndi nambala: Shibuya ndi G01, Asakusa ndi G19. Sufunika kutchula dzina, umangowerenga zala. Polipira ndinali ndi kakhadi ka Suica kongogunditsa pachipata, kotero za mtengo wa ulendo sizinandivute.

Ndili mkati mowerenga masiteshoni choncho, ndinakumbukira agogo anga akuchikazi a ku Mitundu. Sanapondeko m'kalasi, koma kwa zaka zambiri akhala akubwera okha m'tauni, kuchipatala, kumsika, kumaliro, n'kubwerera dzuwa lisanalowe. Amawerenga milatho, amasunga m'mutu mtundu wa nyumba, amamvetsera mawu a kondakitala. Njira yomwe ndinkayendera mu Tokyo inali yawo yomweyo.

Pankhani ya maadiresi, munthu wa ku Lilongwe amapeza pothawira. Misewu yambiri ya Tokyo ilibe mayina. Adiresi imatchula dera, kenako manambala atatu: chigawo, buloko, ndi nyumba. M'malo ena manambalawo satsatana monga mwa maganizo a mlendo. Azungu awiri omwe ndinkagona nawo nyumba imodzi ya alendo ankadandaula za zimenezi usiku uliwonse. Ine ndinkangoseka chamumtima. Kwathu Area 24 ili kummwera, Area 25 ili kumpoto, ndipo palibe amadabwa. Tinazolowera kulondolerana kuti mukafika pachigayo mukhotere kumanzere, mudutse mjigo, mufunse pagolosale. Ndiye nane ndinadzipangira zigayo zanga: kasitolo kotsegula usiku wonse, kakachisi ka denga lofiira, mlatho wa pa mtsinje wa Sumida. Nsanja ya Skytree, yotalika mamita 634, inasanduka phiri langa la Bunda. Ndikaiona kudzanja lamanja ndinkadziwa kuti ndikulowera koyenera.

Mwina mukuti, aise, nanga foni inali yachiyani? Foni imathandiza ndithu, sindingakane. Koma pansi pa nthaka ndi pakati pa nyumba zitalizitali kadontho kabuluu kaja kamayamba kuvina, kukulozetsa uku, kukulozetsa uko. Usiku wina, itangodutsa 11 koloko, kanandizunguliritsa buloko imodzi katatu. Sitima za mumzindamo zimasiya kuyenda pakati pa usiku pakangodutsa pang'ono, mpaka cha m'ma 5 koloko m'mawa, ndipo takisi ikanandidyera ndalama ya chakudya cha masiku awiri. Pamenepo nkhani inasiya kukhala yoseketsa.

Pakona panali koban, tinyumba ta apolisi tomwe timapezeka m'madera ambiri, ndipo imodzi mwa ntchito zawo n'kulondolera anthu osochera. Safunsa anadya phula, timatero, koma mwambiwu ndi wosavuta kuunena uli kwanu. Kufunsa kwa eni, uli wakuda wekha mumsewu wonse, chilankhulo ulibe, kumafuna kuti uvule kaye ulemu wonse womwe sukulu inakuveka. Ndinalowa, ndinati "sumimasen", mawu opepesera omwe ndinaloweza m'ndege, n'kuonetsa kapepala ka dzina la siteshoni. Wapolisiyo anatsegula buku lalikulu la mapu, natenga pepala, najambula mizere. Anaimika zala ziwiri, naloza kumanja, najambula kabokosi ka sitolo. Sitinamvane mawu ngakhale amodzi kupatula zikomo wanga wa Chijapani chothyoka. Sitima ndinaipeza.

Nditabwerera, ndinapita ku Mitundu ndi kapepala kaja. Agogo anakatembenuza uku ndi uku, n'kunena kuti munthu ameneyu amadziwa kulondola.

"Koma agogo, inuyo m'tauni muja simuopa kufunsa?"

"Iwe mwana, manyazi ake ati? Njira ili pakamwa. Kungoti umayamba waona munthu wake. Wothamanga usamufunse, angokulozera poti umuchoke. Funsa amene wakhala pansi, wogulitsa nthochi kapena wosoka nsapato. Ameneyo sachoka, ndiye ukasochera ubwerera kwa iye yemweyo."

Ndinawauza za masiteshoni okhala ndi mitundu ndi manambala, oti ngakhale wosadziwa chilembo atha kuyenda yekha. Anakhala chete pang'ono, akusenda mtedza. Kenako anati kuchipatala chachikulu kuja, zitseko zonse n'zofanana ndipo zolembedwa zake n'zachizungu, moti tsiku lina anakhala m'mawa wonse pamzere wa anthu ena. Anafunsa ngati kupaka chitseko chilichonse penti ya mtundu wakewake kumafuna ndalama zambiri. Ndinawayankha kuti ayi agogo, sikufuna zambiri.