Kamera ya anthu atatu

Ambuya athu atamwalira mu 2022, tinasowa chithunzi choika pa pulogalamu ya maliro. Tinafufuza m'masutikesi, m'Baibulo lawo, m'mafoni a adzukulu onse. M'mafonimo munali zithunzi zosawerengeka: ife tili pa Luangwa Bridge tanyamula nsomba zouma, ife tavala jezi ya Chipolopolo, mbale za nsima, nsapato zatsopano. Ambuya anapezeka pa zithunzi ziwiri chabe. Pa china anali kumbuyo kwa munthu, pa chinacho anali atawerama akupeta chimanga. Pomaliza amalume anatulutsa reji ya ambuya. Kachithunzi kaja, kakang'ono ngati sitampa, kojambulidwa iwo akali mtsikana, tinakakulitsa pa kompyuta mpaka nkhope inasanduka utsi. Ndicho chimene anthu ananyamula pa maliro. Ana ang'onoang'ono anali kufunsa kuti, "Nanga uyu ndani?"

Ndife atatu, adzukulu a ambuya amodzi. Awiri tikhala ku Petauke: wina ali ndi kabuthi ka mobile money pafupi ndi msika, wina aphunzitsa pa pulaimale. Wachitatu ali ku Nyimba, agula nthochi kwa alimi ndi kugulitsa kwa anthu a m'mabasi pa Great East Road. Usiku wa malirowo, tili pamoto, tinagwirizana kuti tigule kamera yeniyeni, ija yosintha malensi, imene amati DSLR.

Mwina mufunsa kuti, nanga foni inalakwa chiyani? Sinalakwe. Olakwa tinali ife, amene tinali kudzijambula tokha. Koma tinaona kuti foni salemekeza. Ukaloza foni kwa munthu wamkulu, amakuuza kuti choka apa. Ukabwera ndi kamera yolendewera pakhosi, amaitanitsa mpando. Komanso sensa ya DSLR, kachipangizo kamene kamalandira kuwala, ndi yaikulu kwambiri kuposa ya m'foni, motero chithunzi chimapirira ukachikulitsa kuti chikhale pakhoma. Ndipo tisanamizane, tinaganizanso za ndalama: makitchen party, maukwati, magraduation a ana a nasale.

Tinayamba kusonkha K150 aliyense pamwezi, ngati chilimba koma chosagawana. Patatha miyezi 12 tinali ndi K5,400. Apo ndipo mkangano unabuka.

Mphunzitsi wathu anafuna yatsopano, ya m'katoni, yokhala ndi lisiti ndi walanti. Anati ndalama za chaka chathunthu sitingazitayire pa chinthu chimene mwini wake wachitaya. Wa nthochi anaseka. Anati tonse atatu tavala salaula kuyambira kumutu mpaka kuphazi, nanga kamera ya salaula yatinyansa liti? Tinafunsa mitengo. Yotsika kwambiri mwa zatsopano inali Canon 4000D, yotuluka mu 2018, ya mamegapikiselo 18, ndipo ndalama zathu sizinafike ngakhale pafupi. Kuti tiikwanitse tikanasonkha chaka china. Nayo walanti tinaiganizira bwino: shopu ili ku Lusaka, makilomita pafupifupi 400 kuchokera ku Petauke. Kamera ikavuta, ndalama ya basi kupita ndi kubwera ndi yako.

Tikali kukangana, tinachita chinthu chopusa. Tinaona kamera yokongola pa intaneti, mtengo wotsika modabwitsa. Mwini wake anati anthu ambiri akuifuna, titumize K300 kuti atisungire. Tinatumiza. Madzulo ake foni inali yozima, ndipo ikali yozima mpaka lero. Wa kabuthi, amene tsiku lililonse amachenjeza makasitomala za akuba a pafoni, ndiye anadina batani lotumizira. Sabata yathunthu sitinalankhulane bwino.

Amene anatiika m'njira ndi mdala wina wa ku Petauke boma, wojambula wakale. Anayamba ntchitoyi nthawi ya filimu, akuyenda pa njinga m'midzi ndi m'masukulu, zithunzi n'kubwera nazo patapita masabata. Tinamupeza pakhonde pake, ndipo atamva nkhani ya K300 anapukusa mutu.

"Ana inu, kamera sagula ndi maso a pafoni. Uigwire, uinunkhize, uijambulitse. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere."

Anatiuza kuti ino ndi nthawi yabwino kwa osauka. Kuyambira 2018, pamene Canon ndi Nikon anatulutsa makamera awo akuluakulu a mirrorless, opanda kagalasi m'kati, ojambula a m'tauni akhala akusamukira kumeneko ndi kugulitsa ma DSLR awo. Kenaka anatilembera pa chikuto cha kope zinthu zoyang'ana. Pepalalo tikali nalo.

Choyamba ndi shutter count, kuchuluka kwa maulendo amene shata yatseguka ndi kutseka. Ili ngati makilomita a galimoto. Makamera ang'onoang'ono ngati Nikon D3200 anayesedwa kufika maulendo 100,000. Nikon imalemba nambalayi m'kati mwa chithunzi chilichonse, ndiye ukhoza kujambula pomwepo n'kuiwerenga pa intaneti. Ma Canon ambiri otsika mtengo sachita zimenezo, pamafunika kompyuta ndi pulogalamu. Chachiwiri ndi lensi: uichotse, uunike ndi tochi ya foni. Ukaona tinthu ngati ulusi wa kangaude m'kati mwa galasi, imeneyo ndi nkhungu, isiye. Chachitatu ndi sensa: ika pa f/22, jambula thambo kapena khoma loyera, kulitsa chithunzi. Timadontho tochepa ndi fumbi, limapukutika. Mzere wautali ukhoza kukhala chilonda chosapola. Chachinayi, dina batani lililonse, tsegula fulashi, ona ngati ikugwira fokasi yokha pafupi ndi patali, ndipo yang'ana ngati batire silinatupe.

Mu Ogasiti 2023 awiri tinanyamuka, wa kabuthi anatsala kuti ntchito isaime. Basi inachoka ku Petauke kukali mdima, inatenga mnzathu pa Nyimba, n'kudutsa Kacholola, mapiri aja okhotakhota, mlatho wa Luangwa, Rufunsa, Chongwe, mpaka Intercity. Ndalama tinazigawa pawiri, aliyense zake m'sokosi. Pa mlatho, kwa nthawi yoyamba m'moyo, sitinagule nsomba.

M'kashopu kena m'tauni anatitulutsira kamera yonyezimira ngati yangotsika ndege. "Bakamba, iyi ni ya manje manje, yachoka kunja last week," anatero mnyamata wogulitsa. Mtima unagunda. Tinapempha kuchotsa lensi, iye anayamba kuyang'ana kumbali. Titaunika ndi tochi, kangaude uja anali atayala ukonde wake pakona ya galasi. Tinathokoza, tinatuluka. Kwina anakana kuti tiikemo khadi yathu. Kumenekonso tinatuluka.

Imene tinagula sinali ya m'shopu. Mdala uja anatipatsa nambala ya mayi wina wojambula maukwati ku Lusaka, amene anali atagula mirrorless. Anatilandira pakhomo pake, natiikira pa tebulo Nikon D3200, kamera ya mu 2012, ya mamegapikiselo 24, ndi lensi yake ya 18-55mm. Inali yosaoneka bwino. Labala ya pogwirira inali itayamba kumatuka, zilembo za pa batani lina zitafufutika ndi chala. Koma galasi linali loyera, thambo linatuluka ndi timadontho tiwiri chabe, ndipo shata inali itangopitirira 31,000. Mayiyo sanatithamangitse. Anatisiya ola lathunthu tikujambula nkhuku zake. Anatichenjezanso chinthu chimene sitikanadziwa: D3200 ilibe mota ya fokasi m'thupi mwake, choncho tikadzafuna lensi ina tifune yolembedwa AF-S kapena tidzakhala tikupotokola ndi dzanja.

Anatchula K4,500. Tinadandaula za mtunda, za basi, za K300 yathu ija. Anaseka, natsika kufika K4,200. Tinaimbira wa kabuthi pa WhatsApp kuti aione. Anayang'ana labala yomatuka ija nthawi yaitali, kenaka anati, "Lipirani."

Zotsalazo ndizo zinatiphunzitsa kuti mtengo wa kamera si wa kamera yokha. Tinagula batire lachiwiri la EN-EL14, memori khadi m'shopu yopereka lisiti popeza makhadi abodza ndi ambiri, ndi kachipangizo kowerengera khadi pa foni, chifukwa D3200 ilibe Wi-Fi. Chikwama tinachipeza pa salaula, cha mwana wa sukulu, n'kuyalamo thaulo. Tikanathira ndalama zonse pa yatsopano, tikanabwera ndi katoni yokongola yopanda ngakhale khadi.

Zithunzi zathu zoyamba zinali zoipa kuposa za foni. Tinajambula anzathu masana dzuwa lili paliwombo, nkhope zinatuluka zakuda bii, maso ngati maenje, thambo loyera mbee. Mphunzitsi anati mwaona, ndinanena. Tinabwerera kwa mdala uja tili okwiya. Anayang'ana zithunzi zitatu, natibwezera kamera. "Ilibe mlandu iyi. Mwagula khasu, simunagule munda wolimalima." Anatitengera pansi pa mtengo wa mango, naimika mdzukulu wake mumthunzi, nkhope italoza kumene kukuchokera kuwala. Chithunzi chimodzi chabe, ndipo tinakhala chete.

Kuchokera apo tinaphunzira pang'onopang'ono. Kuti m'mawa ndi madzulo ndiyo nthawi ya nkhope. Kuti zinthu zitatu zimakokana ngati mafuwa: kukula kwa bowo la lensi, liwiro la shata, ndi ISO, ukasuntha chimodzi zinazo zimva. Kuti m'fumbi la Seputembala ndi Okutobala susintha lensi panja. Kuti nthawi ya mvula kamera siikhala m'chikwama chotseka masiku ambiri, ndipo timapaketi tija topezeka m'makatoni a nsapato, toyamwa chinyezi, si zinyalala. Pa mwambo wa Tuwimba, wa ife Ansenga kwa a Kalindawalo, tinaphunzira china chimene sichili m'buku la kamera: uyambe wapempha. Si chilichonse chochitika pamaso pako chimene ndi chako kuchijambula.

Kamera ya anthu atatu okhala m'matauni awiri ili ndi mavuto ake. Pakati pa Petauke ndi Nyimba pali mtunda woposa ola pa minibasi, ndipo Loweruka limakhala limodzi pa sabata. Tsiku lina kunali ukwati ku Nyimba ndi kitchen party ku Petauke, ndipo mawu amene tinauzana sitingawalembe pano. Pambuyo pake tinaika malamulo m'kope: wayamba kulandira dipoziti ndiye atenga, kamera siipatsidwa kondakitala kapena munthu wapaulendo, ipita m'manja mwa mmodzi wa ife, ndipo pa ndalama iliyonse yolowa, gawo lipita m'thumba la kamera.

Chiyeso chachikulu chinabwera mu 2024. Mvula inadula, chimanga chinauma m'minda, boma linalengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko. Madzi atachepa ku Kariba magetsi anali kuzima maola ambiri, ndipo batire lachiwiri lija linatipulumutsa kangapo. Koma kumudzi nkhokwe zinali zopanda kanthu. Amalume anatiitana. "Adzukulu, chija mupachika pakhosi chidyedwa?" Funsolo silinali lachipongwe. Tinakhala pansi ndi kope lathu. Maukwati anali atachepa, zoona, koma tizithunzi ta mafomu a sukulu ndi a ntchito tinali kubweretsa kangachepe sabata iliyonse. Tinawerengera kuti tikaigulitsa, ndalamayo ithera pa matumba ochepa a ufa, kenaka tidzakhala opanda ufa ndi kamera yomwe. Tinagwirizana kuti thumba la kamera, limene tinali kusungira lensi ya 50mm, lipite kumudzi mwezi ndi mwezi mpaka kukolola. Lensiyo mpaka lero sitinagule.

Ngati nanunso mukusonkha, sitikuuzani kuti ya salaula ndiyo yabwino nthawi zonse. Tikanapanda pepala la mdala uja, tikanagula kangaude. Amene ali ndi ndalama yokwanira ndipo alibe womuthandiza kuyang'ana, yatsopano idzamugonetsa tulo. Ife tinalibe ndalamayo, koma tinali ndi munthu wodziwa, tochi ya foni, ndi miyendo yotulukira m'shopu.

Ntchito imene tinagulira kamera tinaichita mochedwa, ndipo tichita manyazi kunena. Panapita miyezi inayi tikujambula anthu olipira tisanapite kumudzi, kufupi ndi Minga, kumene kukhala ambuya aang'ono, mng'ono wawo wa malemu. Titawauza chimene tabwerera, analowa m'nyumba osayankha. Tinadikira pafupifupi ola. Anatuluka atasamba, atavala chitenge cha ku tchalitchi ndi duku yatsopano, m'manja muli Baibulo la akulu awo. Tinaika mpando pansi pa mango. Anakana kumwetulira, anati munthu wamkulu saseka pa chithunzi. Koma mbuzi inadutsa pakati pathu n'kugwetsa chikwama cha kamera, ndipo anaseka mpaka kugwira pamimba. Chala chinali kale pa batani.

Tinawaonetsa pa kagalasi ka kumbuyo. Anayang'ana pang'ono, nabweza.

"Ichi n'chanu. Changa chili kuti, cha pepala?"

Sabata yotsatira tinakachapitsa ku boma, ziwiri: chosaseka chija anafuna iwo, ndi choseka chimene tinafuna ife. Chosaseka anachiika m'Baibulo. Chosekacho anatiuza tichikhome pamwamba pa chitseko, kenaka anatumiza mwana kukaitana aphongozi awo ndi nkhalamba zina ziwiri za pafupi. Tsikulo tinajambula anthu asanu ndi awiri, onse opitirira zaka makumi asanu ndi awiri, ndipo palibe amene tinamulipiritsa. Batire loyamba linatha dzuwa likulowa, tinaika lachiwiri.