ULENDO WOKAONA KADAMSANA KU CHONGWE

Abale anga alimi, sabata ino tiyambe tapumula pa za manyowa ndi nkhokwe, ndikusimbireni za ulendo. Pa misonkhano yathu ya m'midzi nkhani ya kadamsana ikabuka, ambiri a inu mumati, "Ifenso tinamuona mu 2001, dzuwa linatsala ngati chikwakwa." Munaonadi, sindikutsutsani. Koma chimene chinaoneka kuno kwathu ndi chimene anaona anthu amene anali m'kati mwenimweni mwa mthunzi nzosiyana kwabasi, monga kumva fungo la ndiwo kusiyana ndi kudya ndiwozo.

Poyamba mudziwe chimene chimachitika. Mwezi umazungulira dziko lathu, ndipo nthawi zina umadutsa pakati penipeni pa ife ndi dzuwa. Dzuwa ndi lalikulu kuposa mwezi pafupifupi ka 400, koma lirinso kutali kuposa mwezi pafupifupi ka 400, motero ziwirizi zimaoneka zolingana, ndipo mwezi ukhoza kuphimba dzuwa monga chivundikiro pa mphika. Zimenezi zimachitika pa masiku a mdima okha, mwezi utafa. Sizichitika mwezi ndi mwezi chifukwa njira ya mwezi njopendekeka pang'ono, tsono kawirikawiri mthunzi wake umaphonya dziko. Ukagwa pa dziko, mthunzi wakuda bii umakhala wopapatiza, ndipo umathamanga koposa ndege. Pa 21 June 2001 unalowa mu Africa kudzera ku Angola, nudutsa pakati pa Zambia, kumpoto kwa Zimbabwe ndi Mozambique, nuolokera ku Madagascar. Mu Zambia m'lifupi mwake simunakwane makilomita 200. Kwathu ku Mchinji tinali kunja kwa mzere umenewo. Wofuna kuona dzuwa litazimiratu anayenera kunyamuka.

Amene ananyamuka m'mudzi mwathu anali amalume anga, ndipo ananditenga ine, mnyamata wa zaka 12, kuti ndiziwanyamulira chikwama. Iwo anamva pa wailesi kuti mthunzi udzadutsa ku Lusaka, nagulitsa matumba a mtedza kuti apeze ndalama ya basi. Anthu anawaseka ndithu. Mnzawo wina anati, "Achimwene, mwagulitsa mtedza kuti mukagule mdima, pamene mdima umabwera waulere usiku uli wonse?" Koma amalume anali ndi chifukwa chao. Inu a ku Mchinji ndi ku Chipata mudziwa kuti Angoni a Zwangendaba, pochokera kummwera, anaoloka mtsinje wa Zambezi cha ku Zumbo tsiku limene dzuwa linada masana. Anthu ophunzira za kuthambo atawerengera m'mbuyo anapeza kuti kadamsana ameneyo anachitika mu November 1835, ndipo ndi mmene chaka cha kuolokako chinadziwikira. Amalume anakula akumva nkhani imeneyi kwa agogo ao, ndipo anafuna kuona ndi maso chimene makolo anaona.

Tinachoka Lachiwiri, tinaoloka malire pa Mwami, tinagona pa siteshoni ya basi ku Chipata, kumene akuluakulu ena amatchulabe kuti Fort Jameson. Lachitatu m'bandakucha tinakwera basi ya ku Lusaka. Msewu umenewu, wa Great East Road, ngwautali makilomita oposa 550.

Kuchokera ku Chipata kudzera ku Katete, Sinda mpaka pa mphambano ya ku Petauke, munthu sadziwa kuti wachoka kwao. Chinenero ndi chathu chomwechi, nkhokwe ndi zomwezi, ng'ombe zikudya mapesi m'minda yokololedwa kale, ngolo zikututa chimanga. Chimene ndinaona chochuluka kuposa kwathu ndi thonje. Pa Nyimba amayi anazinga basi ndi malichero a nthochi, ndipo tinagula phava limodzi limene linatifikitsa madzulo.

Kupitirira Nyimba dziko limasintha. Midzi imachepa, msewu umayamba kukhotakhota m'mapiri, uku phompho uku thanthwe, basi ikulira ngati ng'ombe yolemedwa goli. M'basimo anthu anasiya kucheza. Tinatsika, kutsikabe, mpaka mphepo ya June inatha ndipo tinavula majuzi. Milambe inayamba kuoneka, kenaka mtsinje wa Luangwa, waukulu, mchenga uli mbee m'mbali mwake. Pamenepo pali mlatho wautali wokoledwa ndi zingwe zachitsulo, umene unamangidwa mu 1968. Tsidya lake basi inaima pa msika wa nsomba zouma ndi madengu. Amalume sanagule kanthu. Anandigwira pa phewa nandilozera kummwera kumene madzi amapita, nati, "Mphwanga, mtsinje uwu ukathira mu Zambezi uko, ndipo pafupi pomwepo ndi pamene anaolokera." Kuchokera pa mlathowo kukafika kumeneko sipakwana makilomita 100.

Tinakweranso mapiri, tinadutsa Rufunsa, ndipo kutada tinatsika pa Chongwe, makilomita ngati 45 tisanafike mu Lusaka. Kumeneko kunali mbale wa amalume amene anali ndi munda wake. Dziko limenelo ndi la Asoli, koma Chinyanja chimamveka paliponse.

Tsono mumve za chiyembekezo, chifukwa ndicho chimene chimavuta pa ulendo wotere. Tsiku ndi ola la kadamsana zimadziwika zaka zambiri zisanafike, ndipo siziphonya ngakhale mphindi imodzi. Chimene sichidziwika ndi mtambo. Kamtambo kamodzi kokha, kakaima pa dzuwa kwa mphindi zitatu, mtedza wonse uja wapita pachabe. Inu amene munabzalapo ndi mvula yoyamba, nkumayang'ana kumwamba masiku khumi, mukudziwa mmene mtima umakhalira. Kusiyana kwake nkwakuti ife tinali kupempha kuti mitambo isabwere. Amalume sanagone. Tambala woyamba atalira ndinawamva akutsegula chitseko, ndipo atabwerako anangoti, "Nyenyezi ziripo." Kutacha anayambanso kudandaula ndi utsi wa moto wa m'tchire umene unali kufuka chakummawa. Ndinene pano monga mlangizi wanu kuti kutentha tchire mwachisawawa sikunathandizepo munthu, wolima ngakhale woyang'ana kumwamba. Mwamwayi mphepo inaukankhira kwina, ndipo Lachinayi limenelo kumwamba kunali mbee.

Mu msewu munali magalimoto ambiri a alendo ochokera maiko akutali, atanyamula makina oonera kuthambo. Ife tinali ndi magalasi amodzi okha a kadamsana, a chikatoni, amene mwini nyumba anagula mu Lusaka, ndipo tinali kulandizana pakhomo ponse. Mayi wina wa pafupi anatsekera ana ake m'nyumba chifukwa cha mantha, koma anawo anatulukira pa zenera.

Nthawi itatsala pang'ono kukwana 2 koloko masana, dzuwa linaoneka lobenthuka pang'ono m'mphepete, ngati mbale yadothi. Kwa ola lathunthu panalibe chodabwitsa, ndipo ena anatopa nabwerera kukasenda chimanga. Mpaka pamenepa ndi zomwe inunso munaona. Kenaka kuwala kunayamba kufooka, kosafanana ndi kwa madzulo, kotuwa ngati phulusa. Kunazizira. Pansi pa mtengo wa mango timadontho ta dzuwa todutsa m'masamba tonse tinasanduka tizikwakwa. Nkhuku zinasonkhana nizilowa m'khola, nkhunda zinabwerera, ng'ombe zimene zinali kudambo zinatembenuka zokha kulunjika kumudzi, mbusa akuzithamangira pambuyo.

Itangopitirira 3 koloko, mdima unabwera kuchokera kumadzulo, wothamanga, ngati munthu wakuponyera bulangeti. Kadontho kotsiriza ka dzuwa kanang'anima nikazima. Pamalo pa dzuwa panatsala chinthu chakuda bii, chozungulira, ndipo m'mbali mwake monse munali kuwala koyera konga nkhata, kotambalala ngati ulusi wa thonje. Kuwala kumeneku ndi mpweya wotentha wa dzuwa lenilenilo. Kumakhalapo masiku onse, koma kunyezimira kwa dzuwa kumakubisa, ndipo ngakhale dzuwa litatsala kachidutswa kakang'ono chotani simungakuone. Nchifukwa chake ndanena kuti a ku Mchinji sanaone chimene tinaona. Nyenyezi zinatuluka. M'munsi mwa thambo, mbali zonse zinayi, munafiira ngati kukucha ponseponse. Amayi anaimba nthungululu, agalu anauwa, mwana wina analira. Amalume anavula chipewa, osanena kanthu.

Zinatenga mphindi zitatu ndi pang'ono. Kenaka kuwala kunaphulika mbali ina, tonse tinagwetsa maso pansi, atambala nayamba kulira monga m'mawa. Madzulo tikudya nsima, mwini nyumba anafunsa ngati mtedza uja wabwerera. Amalume anati, "Ndadziwa chifukwa chake agogo sanaiwale. Taganizani muli pakati pa madzi, ana kumsana, ng'ombe zikusambira, popanda wokuuzani kuti dzuwa libweranso."

Tinachita mwayi chifukwa June ndi mwezi wopanda mvula. Chaka chotsatira, pa 4 December 2002, mthunzi unadutsanso kummwera kwa Africa, ku Angola, Botswana, kummwera kwa Zimbabwe ndi kumpoto kwa South Africa. Imeneyo inali nyengo ya dzinja, ndipo ambiri amene anayenda ulendo wautali anakangoona mitambo ikuda niyeranso.

Ndalemba zonsezi chifukwa mwayi wina ukubwera. Lolemba pa 25 November 2030, m'mawa, mthunzi udzadutsa ku Namibia, kummwera kwa Botswana, South Africa ndi Lesotho, nudzatulukira m'nyanja cha ku Durban. Kuno kwathu dzuwa lidzangobenthuka. Ambiri a inu muli ndi ana kapena abale ku Joni ndi ku Durban, ndipo njira ya basi mukuidziwa: Mwanza, Tete, Nyamapanda, Harare, Beitbridge. Wofuna kupita ayambe tsopano za pasipoti, ndipo adziwe kuti kugombe la Durban mwezi umenewo kumachita mitambo kawirikawiri; mbali za kumadzulo, ku Namibia ndi Botswana, ndiko kouma.

Koma tsikulo landivutitsa maganizo. Kumapeto kwa November ndi nthawi imene timayembekeza mvula yobzalira, ndipo chaka ndi chaka ndimakuuzani kuti chimanga chochedwa kubzala sichibereka mofanana ndi cha mvula yoyamba. Ulendo wopita ndi kubwera udzadya sabata yathunthu kapena kuposa. Sindingauze munthu kuti asiye munda wosabzala chifukwa cha mphindi ziwiri za mdima. Amene mtima wake wafunitsitsa, monga wafunira wanga, agalauze mizere mu September ndi October, mbeu ndi feteleza zikhale m'nyumba, ndipo apangane ndi wina wokhulupirika amene adzabzale mvula ikagwa iye ali pa ulendo. Ine ndayamba kupatula thumba limodzi la mtedza chaka chiri chonse, ndipo mlongo wanga wavomera kudzandibzalira, malinga ndidzamubweretsere bulangeti.

Kwa inu amene mudzatsala, samalani maso, makamaka a ana. Dzuwa lobenthuka limaotcha m'kati mwa diso popanda kumva kuwawa, ndipo chilonda chake chikhoza kukhala cha moyo wonse. Magalasi akuda a m'sitolo sateteza, botolo lodetsedwa ndi mwaye silitetezanso, ngakhale kuyang'ana m'beseni la madzi. Kuyang'ana ndi maso okha nkololedwa pokhapo dzuwa litaphimbika lonse, ndipo zimenezo kuno sizidzachitika. Ngati magalasi enieni a kadamsana palibe, boolani kabowo kakang'ono pa chikatoni, fulatirani dzuwa, ndipo kuwala kodutsa pa bowopo kugwere pa pepala loyera kapena pa khoma. Lichero lakale lobooka limachita chimodzimodzi. Aphunzitsi ndi mafumu adzakumbutse anthu Lamulungu, chifukwa kudzachitika m'mawa, ana ali pa njira ya kusukulu.