Tsiku Limodzi Pakhonde la Odwala Makutu

Pofika 6 koloko m'mawa mabenchi amakhala atadzaza kale. Aliyense wafumbata kabuku kake ka kuchipatala, ena dzanja lili kukhutu.

Woyamba kulowa lero ndi mtsikana wa zaka 9, ali ndi agogo ake. Anamuboola makutu kunyumba ndi singano, n'kumuveka ndolo bala lisanapole. Khutu latupa mpaka lameza kachitsulo kotsekera ndolo kumbuyo.

"Tinayesa kukakanula ndi msomali, adokotala, koma mwana amangolira," akutero agogowo.

"Mwachita bwino kubwera naye, agogo. Musadzakanulenso."

Anesi akutsuka pamalopo. Adokotala akubaya lidocaine kuti pachite dzanzi, akucheka pang'ono kuseri kwa khutu kuti chipsera chisadzaonekere, ndipo kachitsulo kaja katuluka ndi mafinya. Asanawalole kupita akufunsa za katemera wa kafumbata. Funso limeneli ndimalilemekeza kwambiri. Bala lobooka limaoneka laling'ono pakamwa pake, koma dothi limakakhala m'kati momwe mpweya sufika, ndipo tizilombo ta kafumbata timakonda malo otere.

Dzuwa likafika paliwombo, khonde limasanduka la ana. Wina wadziika njere ya nyemba m'khutu, ndipo mayi ake anathiramo madzi kuti ituluke. Nyemba ikamwa madzi imafufuma, ndiye ntchito yakula. Kenaka mzere wonse ukudumphidwa chifukwa cha kamnyamata kamene kalowetsa kabatire ka wotchi. Ena akung'ung'udza, koma anesi sakugonja: kabatire kotere kamawotcha mnofu m'maola ochepa.

Cha m'ma 2 koloko pafika bambo amene waya wampanda anawabaya kumtunda kwa khutu lamanja, kachidutswa n'kuthyokera momwemo. Apa adokotala sakupupuluma. Kumtunda kuli chichereŵechereŵe, chomwe magazi safikamo ambiri, ndipo chikagwidwa mafinya khutu limatha kupindika mpaka kalekale. Bambowo apatsidwa mankhwala ndi tsiku lobweranso.

Anthu akamatha pakhonde m'pamene kalaliki wa m'kachipinda ka kumapeto amatanganidwa. Iye saona khutu ngakhale limodzi. Amaona zolemba za adokotala n'kuzisandutsa manambala a m'buku la ICD-10 la bungwe la WHO. Nyemba ndi kabatire, zomwe zinangokhala m'ngalande ya khutu, ndi T16. Ndolo ndi waya, zomwe zinaboola mnofu, ndi S01.3. Nembanemba ya m'kati ikang'ambika, imeneyo ndi S09.2. Ku America, komwe akhala akugwiritsa ntchito ICD-10-CM kuyambira mu 2015, amapitirira pamenepo: bala la bambo aja likadalembedwa S01.341A, kutanthauza kubooka kokhala ndi chinthu m'kati, khutu lamanja, wodwala akulandira chithandizo choyamba. Ena amati zimenezi n'zongotayitsa nthawi. Ine ndimakana, chifukwa oitanitsa mankhwala ndi olipira za inshuwalansi amawerenga manambalawa, odwalawo sawaona.

Pepala limodzi lamuimitsa. Palembedwa mawu awiri okha: chinthu m'khutu. Akunyamuka, akuwapeza adokotala akusamba m'manja.

"Pepani adokotala, chinali m'ngalande kapena m'mnofu?"

Asanayankhidwe, pakhomo patulukira mayi atabereka mwana wamkulu ndithu, akulira kuti mphemvu ikuyenda m'mutu mwake. Anesi a usiku, chikwama chidakali paphewa, akuyamba kufunafuna tochi.