Gombe Limene Linamira

Chaka chatha anyamata awiri a ku yunivesite anandipempha kuti ndiwapalasire bwato pa Kafue. Anali ndi pepala lojambulidwa magombe: lina loima ngati khoma, lina lokumbika kunsi, lina lotsetsereka. Tikapalasa pang'ono ankati tiime, n'kuchonga. Ndinaseka chamumtima. Zimenezi atate anandiphunzitsa poloza ndi nkhafi, ndisanagwirepo pensulo.

Masiku amenewo, fakitale ya feteleza isanamangidwe, tauni ya Kafue inali njanji, mlatho wa sitima wa 1906, ndi ife asodzi. Atate ankati gombe loima, lodzaza mauna a fulagombe, usakochezepo: madzi ake ndi akuya ndipo dothi limagumuka. Koma kunsi kwake, pamene madzi anadya n'kusiya kaphanga, ndi pogona milamba, mbedza uponye pamenepo. Mtsinje ukakhota umadya gombe lakunja, mchenga n'kukautaya mkati. Pamchengapo ndiye padooko, amayi ankachapirapo, koma ng'ona nayo imawothera dzuwa pompo, choncho unkayamba wayang'ana ngati mchira wakhwekhwereza. Nanga kampata kosalala pakati pa bango? Njira ya mvuu imeneyo. Mlamu wanga anaiphunzira usiku wina, nabwera kunyumba alibe nkhafi, alibe nsapato.

Kenako anatseka mtsinje ndi madamu, kumunsi ku Kafue Gorge mu 1971, kumtunda ku Itezhi-Tezhi mu 1977. Magetsi tinawalandira, sindikana. Koma madzi anasiya kumvera mvula yokha. Kale ankasefukira m'dambo dzinja likamatha, n'kuphwa m'chilimwe, mchenga uja n'kutuluka woyera. Kuno kufupi ndi tauni madzi a damu anabwerera m'mbuyo, magombe ena anamira osatulukanso. Cha m'ma 1990 udzu woyandama, umene anzathu a ku Malawi amati namasupuni, unaphimba madzi mpaka pamlatho, moti pothera mtsinje ndi poyambira mtunda sunkapadziwa.

Titafika pena, mnyamata mmodzi anandifunsa: "Ambuya, gombe ili n'lachilengedwe kapena analikonza anthu?" Panalibe simenti kapena miyala yoyala, bango lokhalokha. Ndinabweza bwato pang'ono, n'kumiza nkhafi mpaka m'chigongono.

"Gombe lenileni lili apa, pansi pathu. Tinkayanikapo maukonde."

Anayang'anitsitsa pepala lake, koma malo ochongapo zimenezo panalibe. Analemba m'mphepete.