Pakati pa matebulo a JETS ku Kafue

Ukatsika minibasi ya ku Lusaka pa Kafue, mtunda wa makilomita pafupifupi 45 kummwera kwa likulu, maso amayamba kugwera pa fakitale ya feteleza ya Nitrogen Chemicals of Zambia. Tauniyi inakula ndi mafakitale: nsalu, zikopa, yisiti, ndipo masiku ano zitsulo. Chakumunsi kuli mtsinje wa Kafue ndi mlatho wa njanji wa 1906. Mwana wokulira pakati pa makina ndi madzi chonchi sasowa chofufuza.

Holo ya sukulu momwe munali chionetsero cha JETS inali yodzaza thothotho. Bungweli, Junior Engineers, Technicians and Scientists, linayamba mu 1968, ndipo wopambana pasukulu amakwera mpaka kukapikisana ndi anzake a m'dziko lonse. Fungo la guluu ndi waya wopserera linali ponseponse. Oweruza atatu ankayenda pang'onopang'ono, mapepala ali m'manja, ine ndili pambuyo pawo.

Anthu ambiri anaunjikana pa tebulo la pakhomo. Panali kanyumba ka makatoni kopakidwa penti bwino, timababu tikuyaka ndi sola. Aliyense wokumbukira mdima wa 2024, pamene chilala chinaphwetsa madzi ku Kariba magetsi n'kumazima tsiku lonse, anaimapo. Mayi wina mwa oweruzawo anafunsa mofatsa: "Mwana wanga, dzuwa likalowa, batire iyi ikhala maola angati?" Mnyamatayo anayang'ana pansi. "Anandilumikizira ndi amalume, madamu." Ndinamumvera chisoni, chifukwa nzeru anali nazo, koma akulu anamulanda mwayi wozigwiritsa ntchito.

Pakona, kufupi ndi zenera, panali mtsikana wa manja akuda bii ndi makala. Patebulo pake panali mbaula ziwiri, kapoto, wotchi ndi kope lothimbirira. Iye anawola namasupuni, chomera choyandama chija chimene chimatseka mtsinje wa Kafue n'kuvutitsa asodzi ndi opopa madzi. Anamuyanika, kumuwotcha m'chitini chovundikira, kumusinja, n'kumuumba timibulu pomata ndi phala la chinangwa. Kenako anawiritsa lita imodzi ya madzi pa timibulu take, lita ina pa makala a mitengo, poto yemweyo, mbaula zofanana, ndipo anabwereza kangapo akulemba mphindi zake. M'kopemo munalinso tsamba la tsiku limene timibuluto tinanyenyeka chifukwa phala linachepa. Sanaling'ambe.

Oweruza anakhalitsa pamenepo. Bambo wina anatola kambulu n'kukafinya.

"Nanga akuwiritsa madzi msanga ndi ati?"

"A mitengo, sala. Anga amachedwa, ndipo phulusa ndi lambiri. Koma sindinadule mtengo."

"Utsi wake unauyeza?"

"Ayi, ndinalibe choyezera. Ndinangoona ndi maso, ndiye sindinalembe."

Bamboyo anagwedeza mutu n'kulemba kwa nthawi. Kwa ine apa mpamene panagona nkhani. Mtsikanayu anatenga vuto la pakhomo pake, anasintha chinthu chimodzi chokha poyesa, ndipo anadziwa pamene umboni wake ukuthera. Sanaloweze mawu, ankafotokoza ntchito imene manja ake anagwira, Chingelezi chikamuthawa n'kumalizira m'Chinyanja.

Matebulo ena ndinangodutsa: mapiri ophulika ndi soda, belu lochenjeza za mbava, sopo wa aloe vera. Ndinaimanso pa sefa ya madzi ya mchenga, timiyala ndi makala m'botolo. Anyamata ake anatchula za asidi amene anatayikira m'madzi opita mu Kafue kuchokera ku mgodi wa ku Chambishi mu February 2025, ndipo anachita bwino kuiganizira ngoziyo. Koma atanena kuti madzi awo ndi akumwa poti ayera, mayi uja anawakumbutsa kuti mchenga suchotsa asidi, ndipo tizilombo ta matenda sitioneka ndi maso. Anawalangiza kuti ulendo wina adzayeze madziwo ndi pepala la litmus asanasefe ndiponso atasefa.

Makolo ndi aphunzitsi a ku Shikoswe, Kafue Estates ndi Zambia Compound, chaka chamawa mugulireni mwana kope, mubwerekeni wotchi, ndipo madzulo muzimufunsa kuti "wadziwa bwanji?" Waya ndi guluu musiyireni agwire yekha.